Mphesa Imene Sindinameze

Kampeni kaja ndimakaonabe. Kanali kopindika ngati mbedza ya kampango, chigwiriro chake cha mtengo wofiira, chakuda ndi thukuta la manja a anthu ena. Mipeni yotereyi inalipo yochepa, sinkakwanira ana tonse, ndipo amalume ankaimanga pa chingwe chimodzi n'kuikoleka m'khosi mwawo ngati mikanda. Akamayenda inkagundana n'kumalira, moti unkadziwa kuti kapitawo akubwera usanawaone n'komwe. M'mawa uliwonse ankaima pachipata cha munda wa mphesa n'kumamasula umodziumodzi, kupatsa ana amene iwo awakonda. Ine, mwana wa mlongo wawo wa bere limodzi, sindinaugwirepo mpeniwo ngakhale tsiku limodzi. Ndikatambasula dzanja ankati, "Ndikakupatsa iwe anthu anena kuti ndikukondera."

Achinyamata a masiku ano ndikawauza kuti kuno ku Nkhotakota kunali munda wa mphesa amaseka, amati agogo mwayamba kulota masana. Aziseka, anabadwa dzulo. Mundawo unalipo, ine ndinaupondamo ndi mapazi awa. Unali kumtunda kwa Chia, ukatha madambo a mpunga n'kuyamba kukwera kumene dothi limafiira. Mwini wake anali mzungu wina wamfupi, wa ubweya m'makutu, amene anabwera ndi timitengo take kuchokera kwawo n'kutiyangitsa pa mawaya, mizere mizere, ngati munthu wayanika makoka. Lero pamalopo anthu adzalapo chinangwa, koma mukalima mozama khasu limakolabe tizidutswa ta waya. Amalume ndiwo anali kapitawo wake.

Chaka china mzunguyo analemba akuluakulu a m'midzi ya kumtunda kuti amuthyolere. Ntchito anagwira, koma dzanja lina linkapita m'dengu, lina kukamwa. Ena mpaka anatsegula m'mimba. Mzungu analira ngati wafedwa. Ndiye chaka chotsatira, ataona kuti mphesa zipsa m'mwezi wa Ramadani, amalume anapita kwa bwana wawo ndi nzeru. Anati lembani ana a Chisilamu okhaokha, ana a kumadarasa amene akufunga. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa salawa kanthu, ngakhale dontho la madzi. Amene awalondera ndi Mulungu, inu bwana mlonda simumufuna.

Ife izi sitinkazidziwa. Anatiuza kuti atisankha chifukwa ndife ana aulemu, a manja osamala, ndipo tinkapita kumundako chifuwa chili patsogolo ngati asilikali. Anatiuzanso kuti zipatsozo zimapita kwa odwala m'zipatala za ku tauni. Ndinadzamva nditamera kale ndevu kuti ankaziponda m'migolo kuseri kwa nyumba ya mzunguyo n'kupanga vinyo. Taganizani inu! Ana ofunga, milomo itang'ambika ndi ludzu, kumuthyolera munthu mowa wake. Ndipo amene anaganiza zimenezi si mzungu ayi. Mzungu akanadziwa bwanji za kufunga kwathu? Anali munthu wathu yemwe, wopemphera mzere woyamba mumzikiti. Ndikafika pamenepa mtima umandiwira ngati zachitika m'mawa uno.

Chaka chimenecho n'chimene ndinayamba kufunga mwezi wathunthu. M'mbuyomo ndinkafunga zachibwana, kulekeza masana n'kukaba chinangwa chozizira mumphika. Mwalimu wathu, munthu wowonda wa tindevu tochepa pansi pa chibwano, anali atalengeza kumadarasa kuti m'mawa wa Idi, anthu akamayenda kuchokera kumzikiti kupita kubwalo lopempherera, mwana mmodzi ndiye adzatsogolera takibira. Ndiye kuti iye aziitana Allahu Akbar patsogolo, gulu lonse n'kumayankha pambuyo. Koma adzakhale mwana amene wafunga mwezi wonse osadumpha tsiku. Atanena zimenezi anayang'ana ine. Ana onse anatembenuka kuyang'ana ine. Nanga akanayang'ana ndani?

Mawu anga ndinawanolera kumpunga. Kuyambira ndili kamwana amayi ankandisiya pansanja pakati pa dambo kuti ndiziingitsa mpheta, ndipo ana ena ankafuna zitini ndi miyala, ine ndinkangotsegula pakamwa. Ndikakuwa tsidya lino la Chia, asodzi a tsidya linalo ankatembenuka m'mabwato mwawo. Mpaka lero pamaliro akafuna kulengeza kanthu safunafuna chimkuzamawu, amati kaitaneni mkulu uja. Kusukulu sindinapite patali, zilembo zinkandithawa. Kumadarasa kuloweza ndinali wa m'mbuyo. Nsalu zabwino ndinalibe. Chimodzi chokha chimene Mulungu anandipatsa chodzaza dengu chinali mmero, ndipo m'mawa wa Idi umenewo mudzi wonse, amuna patsogolo akazi pambuyo, unkayenera kuyankha mawu anga. Ndinkagona ndikuganiza zomwezo, kudzuka ndikuganiza zomwezo.

Ntchito yake inali yowawa. Inali nyengo ija mvula ili pafupi koma ikukana kugwa, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, dothi likuotcha mapazi moti unkaima pa mwendo umodzi ngati kakowa. Pansi pa masamba mphepo sinkalowa. Matsango a mphesa ankalendewera pomwe pali nkhope yako, akuda bii, okutidwa ndi kaufa koyera kamene ukakakhudza chala chimasiya chizindikiro. Fungo lake linali lotsekemera, lolemera, lolowa mpaka m'mimba mopanda kanthu. Mavu ankaboola zipatso n'kumamwa ife tikuona. Ndinkawachitira nsanje mavu. Manja ankamata, ntchentche n'kumatera pa zala, ndipo sunkayerekeza kukanda pamlomo.

Ife ana tinkakhulupirira kuti ngakhale malovu ukameza ndiye kuti wamasula. Palibe anatiphunzitsa zimenezo, tinangouzana tokha. Choncho tsiku lonse tinkangolavula. Mzere uliwonse unkamva thu, thu, thu, ngati amphaka akukangana. Pofika masana kukamwa kunkauma gwa, lilime ngati chikopa cha ng'oma, wofuna kulavula n'kumangotulutsa mphepo. Ndikunena izi kuti mudziwe mtundu wa ana amene tinali. Mwana woopa kumeza malovu ake omwe, ameneyo ndiye akaba mphesa?

Tsango la mphesa silithyoka ngati bango. Kaphesi kake n'kolimba, ukakoka zipatso zimayoyoka pansi, ndipo mzungu akaona zimenezo ankafiira mpaka m'khosi. Amene analibe mpeni ankayenera kumangonyamula madengu, koma amalume ankafuna changu, ankati manja onse athyole. Ndiye tinachita zimene mwana aliyense wa kunyanja angachite. Ife tinakula tikuona abambo a m'mudzi akusoka maukonde, manja onse ali pa ntchito, ulusi n'kumaudula ndi mano. Chingwe cha mbedza timadula ndi mano. Luzi timadula ndi mano. Choncho tinkagwira tsango ndi manja awiri, kupendeketsa mutu, n'kuluma kaphesiko ndi mano a m'mbali. Kankawawa ngati mankhwala a malungo. Ukaluma n'kulavula, ukaluma n'kulavula. Amalume ankationa tsiku ndi tsiku tikuchita zimenezi. Ankaseka n'kumati, "Mbewa zanga, lumani, lumani."

Tsikulo linali la pakati pa mwezi, dzuwa litapendeka. Ndinapeza tsango lalikulu lobisala mkati mwa masamba, lakupsa kwambiri, zipatso zitathinana moti kaphesi sikankaoneka bwino. Ndinalowetsa nkhope. Pamene ndinkaluma, mphesa imodzi inapanikizika pa mlomo wanga wa m'mwamba n'kuphulika, phwa. Madzi ake analowa m'kamwa.

Sindinama, kukoma kwake sindinakuiwale. M'kamwa mouma chotero, madzi ozizira, otsekemera, owawasa pang'ono chakumapeto, thupi lonse linanjenjemera. Mmero unatseguka wokha kufuna kulandira. Ndinautseka. Ndinawerama n'kulavula, kulavula, kulavula mpaka m'maso mwanga munachita mdima. Ndinapukuta lilime ndi malaya. Ndinalipala ndi tsamba. Ndinatola ngakhale dothi n'kutikita m'mano, n'kulavulanso matope. Kumimba sikunapite kanthu. Mwalimu yemweyo anali atatiphunzitsa kuti mayi wofunga akhoza kulawa mchere m'ndiwo ndi nsonga ya lilime, bola alavule, kufunga kwake kuli bwino. Ndinakumbukira zimenezo, mtima unakhala pansi, ndinaponya tsango m'dengu n'kupitiriza ntchito.

Madzulo ake mzungu anabwera kudzaona madengu. Chaka chimenecho zipatso zinali zopepuka. Dzuwa linazifwetsa, mbalame zinadya, mavu anadya, aliyense wa maso ankaona. Koma iye ananyamula dengu, kuligwedeza, n'kuliponya pansi. Anayamba kuwakalipira amalume m'Chingerezi, kenako m'Chichewa chake chothyokathyoka chija kuti nafe timve: "Kapitawo, ana ako kudya! Nzeru yako palibe! Ine kupeza kapitawo wina!" Amalume anavula chipewa n'kuchigwira pamimba. Munthu amene kwathu akatsokomola aliyense ankakhala chete, pamenepo ankangoti inde bwana, inde bwana, mawu ang'onoang'ono ngati a mkazi wamasiye.

Kenako anatembenukira ife n'kulamula kuti tiime pamzere, aliyense atulutse lilime.

Tinaima, dzuwa likutiwomba kumaso, malilime panja ngati agalu. Amalume anayamba kumapeto, mzungu ali pambuyo pawo. Tonse amene tinalibe mipeni milomo yathu inali yofiirira, chifukwa sungalume kaphesi tsiku lonse osakhudza chipatso. Ine ndinkawaona anzanga ndi maso angawa, ena milomo inali yoderapo kuposa yanga. Amalume ankayang'ana, kudutsa, kuyang'ana, kudutsa. Atafika pa ine anaima. Anandigwira chibwano n'kutembenuzira nkhope yanga kwa mzungu, monga amachitira wogulitsa mbuzi poonetsa mano.

"Uyu, bwana."

Ndisanayankhe, khofi linatera pa tsaya, phaa. Khutu linalira. Ndinamva akunena kuti, "Mwana wa mlongo wanga ameneyu, bwana. Ine sindisiya munthu, ngakhale wanga." Mzungu anagwedeza mutu n'kuwasisita paphewa.

Ndinakuwa. "Sindinameze!" Mbalame zinadzuka m'munda wonse, agalu a kunyumba ya mzungu anayamba kuuwa, mzunguyo anabwerera m'mbuyo atagwira khutu. Ndinakuwanso kuti ndaluma kaphesi ngati wina aliyense, kuti amalume omwewo ndiwo amatiuza kuti tizilume. Amalume anandiwonjezera khofi lina pa tsaya linalo. Anzanga onse anali atabweza malilime m'kamwa, maso ali pansi. Ena a iwo alipo mpaka lero, timakumana pamaliro, amandipatsa moni ndi manja awiri. Ndimawayankha, koma ndimakumbukira.

Njira yonse yotsikira kumudzi ndinkayenda ndekha patsogolo. Ludzu linali litandigwira pakhosi, ndipo podutsa pa kamtsinje ka m'njiramo anzanga ena anandiseka kuti imwa basi, wamasula kale iwe. Sindinamwe. Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe n'kupeza amayi akusenda chinangwa cha futali. Ndinawafotokozera zonse, mokuwa, ndikulira, oyandikana nafe akusuzumira pa mpanda. Anaika mpeni pansi n'kundigwira nkhope. Lilime sanaliyang'ane n'komwe, anayang'ana tsaya lotupalo. Anangoti, "Ndamva." Ine ndinkayesa kuti adzuka pomwepo, amanga chitenje m'chiuno n'kulunjika kwa achimwene awo. Anatolanso mpeni n'kupitiriza kusenda.

Masiku amenewo amalume ankamasulira kufunga kunyumba kwathu, chifukwa akazi awo anali atapita kwawo kukachira. Anabwera ngati palibe chachitika, anakhala pamphasa yabwino ija. Amayi anagwada n'kuwathira madzi m'manja, manja omwewo. Amalume akupukuta zala anati, "Mwana wakoyu lero wandichititsa manyazi pamaso pa bwana." Ndinadikira. Ndinayang'ana pakamwa pa amayi. Iwo anati, "Pepani achimwene, ndi mwana."

Pepani! Zaka zonsezi ndamva mawu oipa ambiri, andituka asodzi, andituka apolisi, andituka akazi, koma palibe mawu anandilasa ngati pepani ameneyo. Ndinatenga futali yanga kukadyera kuseri kwa nkhokwe, ndikumeza ndi misozi yomwe.

Nkhani inafika kwa mwalimu ine ndisanafike. Kutacha, tisanakwere kumunda, titakhala pansi kumadarasa ndi matabwa athu olembapo, anandiimitsa pamaso pa ana onse. Anati tsiku ladzulo lathyoka, ndidzalibweza ikatha Idi, ndipo takibira atsogolera wina. Ndinawakumbutsa za mayi wolawa mchere. Ndinati mwalimu, munanena ndinu, pomwe pano, mutakhala pa mpando womwewo. Anandifunsa kuti, "Ndiye malume ako, munthu wamkulu uja, aname chifukwa cha iwe?" Ndinati inde, anama. Bango linagwira ntchito yake pamsana panga. Anati akundimenyera kuyankha, osati mphesa. Kwa ine zonse zinali chimodzimodzi.

Munthu wina akanati basi, poti andinamizira kale ndingodya. Ine ndinafunga mwaukali. Ndinkadzuka ndekha m'bandakucha amayi asanandigwedeze. Kumunda ndinkafuna kusiya, koma amayi anati ubwerera, ndipo ndinabwerera. Mano sindinagwiritsenso ntchito. Ndinkapotokola tiphesi tija ndi zikhadabo mpaka zinang'ambika, magazi n'kumasakanikirana ndi madzi a mphesa, osadziwika kuti awa ndi ati. Amalume akamadutsa sindinkawapatsa moni. Madzulo aliwonse tsopano kunali mzere wa malilime, chifukwa mzungu anali ataukonda, ndipo ine ndinkatulutsa langa lonse mpaka kumizu, ndikuwayang'ana m'maso.

Pakati pathu panali mnyamata wina wonenepa, mwana wa mwini makoka a kugombe la kwathu. Bambo ake anali ndi mabwato ndi anyamata okoka ambiri, munthu wa mkono ngati mtondo. Mwanayo mpeni ankalandira tsiku lililonse, analibe chifukwa cholumira kanthu. Chakumapeto kwa mwezi ndinamupeza atakhala pansi pa masamba kumapeto kwa mzere, tsango lili m'manja, akuponya m'kamwa imodziimodzi, maso atatseka. Ankameza, ndinkaona kholingo likukwera n'kutsika. Atandiona sanachite n'komwe mantha, ananditambasulira dzanja kuti nditengeko. Ndinamulavulira pafupi ndi phazi.

Madzulo pamzere lilime lake linali lakuda ngati wagona m'mabulosi. Mzungu anali ataima chapatali akuyatsa fodya. Amalume anafika pa iye, anayang'ana, n'kunena chapansipansi kuti, "Tseka pakamwa, zingalowemo ntchentche." Anadutsa. Ine ndinakuwa kuti nanga uyu? Mzungu anadzutsa mutu. Amalume anaseka n'kumuuza kuti ndi wakuba uja bwana, akufuna anzake. Mzungu nayenso anaseka. Nkhaniyi ndinakainena kwa mwalimu, iye anati nsanje ndi tchimbo loposa kudya mphesa. Ndipo atalengeza dzina la wotsogolera takibira, linali la mnyamata yemweyo.

Mwezi unaoneka. M'mawa wa Idi mudzi wonse unanunkhira sopo ndi mpunga wa mafuta. Amuna anatuluka ndi mikanjo yoyera, akazi ndi zitenje zatsopano zolimba ngati pepala. Ine anandiika kumapeto kwa anyamata, pomwe amuna amathera akazi n'kuyamba, fumbi la mapazi a anthu onse likubwera kwa ine. Kutsogolo mnyamata uja anayamba kuitana. Mawu ake anali ngati a nkhuku ya chitopa. A patsogolo ankamva, a pakati ankangoganizira, a kumbuyo sankamva kanthu. Anthu ankayankha mosiyanasiyana, awa ayamba awa akumaliza, nkhalamba zikufunsana kuti kodi waitana? Dzina la Mulungu linkayenda mumsewu ngati ngolo yothyoka gudumu.

Ndinapirira mpaka pa mtengo wa mango wa pamphambano. Pamenepo chifuwa changa chinadzaza chokha. Ndinakweza mutu n'kuitana.

Inu, mukanamva! Mawu anapita pamwamba pa mitu ya anthu mpaka kutsogolo n'kubwerera. Gulu lonse, amuna, akazi, nkhalamba, linayankha pamodzi ngati munthu mmodzi, pansi mpaka kunjenjemera. Ndinaitananso, anayankhanso. Tsitsi linandiima. Ndinaona mizuli ikutembenuka kutsogolo, ndinaona mwalimu ataima pa zala kufunafuna, ndinaona amalume akuyamba kupatula anthu ndi zigongono kubwera kumbuyo. Sindinaope. Ndinakoka mpweya kuti ndiitane kachitatu.

Dzanja linachokera kumbuyo n'kunditseka pakamwa. Linali lokhakhala, lonunkhira utsi ndi anyezi. Amayi anali atatuluka pakati pa akazi anzawo, anandikokera pachifuwa pawo n'kundipanikiza moti mpweya wonse uja unathera m'chikhatho mwawo. Anaika pakamwa pa khutu langa n'kunena kuti, "Ndikudziwa sunameze. Khala chete." Amalume ataona kuti mlongo wawo wandigwira anaima, anatiyang'ana, n'kubwerera kutsogolo. Kankhuku kaja kanayambiranso kulira. Tinayenda chomwecho mpaka kubwalo, dzanja la amayi lili pakamwa panga, anthu akutiyang'ana.

Mapemphero atatha, nthawi ija ana amazungulira kugwira akuluakulu chanza, amayi anandikankhira kwa amalume. Ndinapita chifukwa chala chawo chinali chitandiboola pamsana. Dzanja ndinapereka, maso ndinayang'ana kumbali. Amalume anandisisita pamutu n'kuuza anthu amene anali pafupi kuti mwanayu ali ndi mawu, akadzakula adzatithandiza.

Idi itatha mwalimu anandikumbutsa za tsiku lobweza. Ndinakana. Anandikumbutsanso chaka chinacho, ndinakananso. Ndafunga Ramadani iliyonse kuchokera pamenepo, ndikudwala, ndili pa ulendo, ndili m'bwato pakati pa madzi, ngakhale tsopano adokotala akuti shuga salola. Masiku amene ndinadumphadi pa zifukwa zina ndinabweza onse. Koma limenelo sindinabweze ndipo sindidzabweza, chifukwa kubweza ndiye kuvomera. Mashehe achinyamata a masiku ano amandiuza kuti bambo, tsiku limodzi lokha, ingofungani mtima ukhale pansi. Ndimawafunsa kuti munalipo? Amene analipo ndi Mulungu, ndipo Iye anaona pomwe madzi aja anathera. Amalume anamwalira kalekale. Ndinanyamula nawo jeneza la maliro awo, ndinalowa m'manda kuwalandira, chifukwa ndi ntchito ya mwana wa mlongo. Pepani wawo sindinamumve.

Koma amene ndinawakwiyira nthawi yaitali pa nyengo imeneyo anali amayi. Amalume anandinamizira, mwalimu sanandikhulupirire, zimenezo mutu wanga wa chibwana unkatha kuzinyamula. Koma munthu wodziwa kuti sindinameze, n'kunena m'khutu mokha, dzanja lili pakamwa panga? Ndinakhala masabata osawayankhula bwino. Akandituma madzi ndinkapita mwakachetechete, n'kutula ndowa mwamphamvu kuti atayikeko. Ndinkaganiza kuti ndi amantha, kapena kuti amakonda achimwene awo kuposa ine. Za amalume ndinkaganiza kuti amadana ndi mawu anga, kapena kuti maso awo anaona molakwa tsiku lija.

Maso awo ankaona bwinobwino. Tsiku limenelo ntchito yawo inali m'madzi, ankafunika mwana mmodzi woti amuonetse kwa mzungu, ndipo poyenda pamzere paja sankayang'ana malilime ayi. Ankayang'ana mwana aliyense n'kudzifunsa kuti ndikamenya uyu, mawa kubwera ndani pakhomo panga? Uyu bambo ake abwera ndi nkhafi. Uyu azichimwene ake ndi okoka makoka. Abambo anga anapita ku migodi ine ndili kumsana, sanabwerenso, ngakhale bulangete sanatumize. Kumbuyo kwanga kunali mkazi mmodzi, ndipo dambo limene mkaziyo ankalima mpunga, nyumba imene tinkagona, ngakhale nkhokwe imene ndinakabisalako polira, zonse zinali m'manja mwa achimwene akewo. Mvula inali pafupi, mbewu ya mpunga tinali tisanapatsidwe. Ine ndinkangoona mayi wogwada akuthira madzi m'manja mwa munthu amene wandimenya, ndipo ndinkadabwa kuti n'chifukwa chiyani mtsuko ukunjenjemera.